Galimoto Yaliwiro ndi Njira ya ku Mtandire

Munthu woyenda m'njira za ku Mtandire, ku Chinsapo kapena ku Kawale nthawi ya dzinja salephera kuona chinthu ichi: galimoto yokongola, yaifupi msinkhu, yofiira psuu kapena yakuda bii, itakhazikidwa pa njerwa pansi pa mtengo wa mango. Matayala ake adachotsedwa kalekale poopa akuba, udzu udamera m'mbali mwake, ndipo nkhuku zidapezapo mthunzi wabwino woikiramo mazira. Ana a pamalopo amaidziwa bwino galimotoyo, pakuti ndi iwo omwe adaithamangira akukuwa tsiku limene idafika. Mwini wake sadamwalire, ndiponso sadasamuke. M'mawa uliwonse amatuluka m'nyumba atamanga taye, naidutsa galimoto yakeyo osaicheukira, napita kumseu kukakwera kabaza. Komabe mwezi ukatha, ngongole imene adagulira galimotoyo imadulidwa ku malipiro ake monga mwa nthawi zonse.

Nkhani imeneyi ikukhudza makamaka anyamata ndi atsikana amene angomaliza kumene sukulu nayamba kulandira kangachepe, ndiponso aphunzitsi achinyamata amene obwereketsa ndalama amawakonda chifukwa tsiku la malipiro ao ndi lodziwika. Kukhumba galimoto yaliwiro si tchimo ai. Munthu amene wakhala akulimbana ndi mabuku kwa zaka 12 kapena 16 ali nao ufulu wodyerera thukuta lake, ndipo chilipodi chimwemwe poyendetsa galimoto imene imamva chiongolero msanga, yokhota bwino pa ngodya, yokwera chitunda popanda kupuma wefuwefu. Koma chimwemwe chimenechi chimakhalitsa kwa munthu yekhayo amene, asanatulutse ndalama, adayamba wayang'ana njira yopita kwao, makaniko amene adzamkonzere, ndi zimene zidzatsale m'thumba mwake. Wogula ndi maso okha amagula chisoni, pakuti akulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Masiku amakedzana funso lotere kudalibe. Chuma cha mphunzitsi chinali njinga ya Raleigh kapena Humber, ndipo mkulu wa sukulu amene adali ndi Peugeot 404 kapena Datsun 120Y ankadziwika boma lonse. Zinthu zidasintha pamene magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito adayamba kubwera ambiri kuchokera ku Japan. Kumeneko lamulo limati galimoto iyesedwe ikakwanitsa zaka 3, ndipo kuyambira pamenepo iziyesedwa pa zaka 2 zilizonse. Kuyesako kumadya ndalama zambiri, kotero kuti eni ake ambiri amaona kuti n'kwapafupi kugulitsa yakaleyo n'kugula yatsopano. Popeza anthu a ku Japan amayendetsa kumanzere kwa mseu monga amachitira a kuno ku Malawi, magalimoto aowo amalowa m'miseu ya dziko lino popanda kusintha chiongolero. Lero mnyamata wa ku Mtandire, atakhala pakhonde ndi foni m'manja, angathe kuona zithunzi za magalimoto mazanamazana amene makampani monga BE FORWARD ndi SBT akugulitsa pa intaneti. Pakati pa magalimoto wamba amapezanso aliwiro, ndipo chodabwitsa n'chakuti ena mwa iwo mtengo wao umaoneka wotsika kuposa wa galimoto ya banja.

Apa mpamene pali mbuna yoyamba, chifukwa mtengo wolembedwa pansi pa chithunzi ndi chiyambi chabe cha malipiro. Galimotoyo iyenera kulipiriridwa sitima yapamadzi kufikira ku doko, kawirikawiri la Dar es Salaam. Ikatsika pamenepo pamafunika ndalama za padoko ndi za munthu woitulutsa, kenaka za dalaivala ndi mafuta pa ulendo wa makilomita pafupifupi 1,500, kudzera ku Mbeya, pa chipata cha Songwe, ku Karonga, pa mapiri a Chiweta, ku Mzuzu ndi ku Kasungu. Ikalowa m'dziko muno bungwe lotolera misonkho la MRA limafuna gawo lake, ndipo msonkhowo umawerengedwa potsata kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Tsono galimoto yaliwiro nthawi zambiri imakhala ya injini yaikulu, ndipo imene mphunzitsi angaifikire mtengo imakhala yokalamba. Pambuyo pake pali kulembetsa ku ofesi ya Road Traffic, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino chimene anthu amachitcha COF, ndi inshuwalansi imene lamulo limalamula. Amene adawerengera mtengo wa pa foni wokha amathera ndalama galimoto ili m'njira.

Chinthu china chofunika kukumbukira n'chakuti malipiro a mphunzitsi ali m'makwacha, pamene galimoto ndi zipangizo zake zonse zimagulidwa ndi ndalama zakunja. M'mwezi wa May 2022 mphamvu ya kwacha idachepetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi ya ku America imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 ku banki idafika pa K1,700. Mwana wa sukulu aliyense angathe kuchita samu imeneyi: chitsulo cha madola 100 chidachoka pa K118,000 n'kufika pa K170,000 usiku umodzi, mwini galimoto ali m'tulo, malipiro ake osasuntha. Chipangizo chimene chimapezeka chambiri m'masitolo a mumzinda chimakwera mtengo pang'onopang'ono, chifukwa ogulitsa amapikisana ndiponso zakale zochotsa ku magalimoto ena zilipo. Chipangizo choitanitsa chokhachokha kuchokera ku Japan, ku Dubai kapena ku Johannesburg chimatsata dola tsiku lomwelo.

Woweruza woyamba wa galimoto iliyonse ndiye njira imene idzayendemo m'mawa ndi madzulo. Mzinda wa Lilongwe, umene udakhala likulu la dziko lino m'chaka cha 1975, uli nayo miseu yatala yosalala, ndipo pamphambano ya ku Area 18 pali ngakhale mseu wodutsa pamwamba pa unzake. Koma munthu wa ku Mtandire sagona pa mseu wa tala. Malowa, amene ali moyandikana ndi Area 47 ndi Area 49 m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, adakula popanda mapulani a mzinda, ndipo njira zambiri zolowa pakati pa nyumba ndi zadothi, zopapatiza, zodulidwa ndi ngalande ndi zigwembe zimene madzi a mvula amakumba chaka ndi chaka. Galimoto yaliwiro imapangidwa yaifupi dala kuti isapendekeke pokhota. Toyota 86, imene idatuluka m'chaka cha 2012, mimba yake imatalikirana ndi nthaka masentimita pafupifupi 13 okha, pamene Hilux imapitirira masentimita 20. Kusiyana kumeneku n'kochepa pa rula ya mwana wa sukulu, koma pa chigwembe ndiko kumalekanitsa wofika kwao ndi wogona panjira. Chimayamba kuthyoka ndi bampala, kenaka ekizozi. Ndipo tsiku limene mwala udzaboole sampu, imene imasunga oilo kunsi kwa injini, injini yonse ingathe kufa m'mphindi zowerengeka ngati woyendetsa sazimitsa msanga.

Madzi nawonso ndi mdani wa galimoto yaifupi. Anthu a ku Mtandire sadaiwale mwezi wa February 2017 pamene Lingadzi udasefukira nugwetsa nyumba. Madzi oopsa chotero sabwera chaka chilichonse, koma zithaphwi zofika m'mawondo zimakhalapo dzinja lililonse. Injini imapuma mpweya kudzera m'paipi ya kutsogolo, ndipo paipiyo ikakhala pansi kwambiri imameza madzi. Madzi sapanikizika monga umachitira mpweya, choncho akalowa m'kati zitsulo za injini zimapindika pomwepo.

Matayala ali nalo phunziro lao, ndipo aphunzitsi a samu angalikonde. M'mbali mwa tayala lililonse mumalembedwa manambala. Toyota 86 ndi Altezza RS200 zimavala matayala olembedwa 215/45 R17. Nambala yoyambayo ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiriyo ikutanthauza kuti msinkhu wa mphira, kuchokera pa limu kufika pansi, ndi 45 peresenti ya kutambalalako, ndiwo mamilimita pafupifupi 97. Tayala wamba lolembedwa 185/65 R15 mphira wake ndi mamilimita 120. Mphira wochepawo ndi umene umachititsa galimoto kumva chiongolero msanga pa tala wosalala, koma ndi womwewonso umene umalephera kuteteza limu galimoto ikagwa m'dzenje. Tayala limatupa chithupsa, limu imapindika, ndipo mwini wake akapita kukafunsa mtengo wa tayala limodzi la saizi imeneyo amabwerako atagwira pakamwa. Ambiri amathawira ku matayala a kaunjika, otha kale ndi ouma ndi zaka, nawaveka pa galimoto imene ingathe kuthamanga kuposa zinzake zonse pamseupo. Pamenepo ndiye kuti waika moyo wake pa chiswe.

Wina angatsutse kuti magalimoto aliwiro adayendapo bwino m'miseu yoipa ya mu Africa muno. Zimenezi n'zoona. Pa mpikisano wotchuka wa East African Safari Rally, galimoto ya mipando iwiri ya Datsun 240Z idapambana m'chaka cha 1971 ndiponso cha 1973, m'matope ndi m'fumbi. Koma magalimoto amenewo sadali monga adatulukira m'sitolo. Adali atakwezedwa msinkhu, atalimbitsidwa miyendo, atamangidwa chitsulo chochinga kunsi kwa injini, ndipo m'njira monse munali magulu a amakaniko odikira ndi matayala ndi zipangizo zolipiridwa ndi kampani. Mphunzitsi wa ku Mtandire amayenda njira yofanana ndi ya mpikisanowo tsiku lililonse, koma palibe kampani imene imamdikira pa ngodya.

Woweruza wachiwiri ndiye makaniko. Munthu wanzeru, asanatumize ndalama kulikonse, ayenera kupita ku Biwi, kumene kuli magalaja ndi masitolo ambiri a zipangizo za magalimoto, akatchule dzina la galimoto imene waikhumbayo ndi kufunsa mitengo ya zinthu zimene zimatha kawirikawiri: mabuleki, mashoko, pampu ya madzi, kilatchi, galasi la kutsogolo. Ngati masitolo atatu oyamba ali nazo pa shelefu, galimotoyo ingathe kukhala mu Lilongwe. Ngati onse akuyankha kuti “tikaitanitsa,” wofunsayo wamva kale tsogolo lake. Safunsa adadya phula.

Chitsanzo chabwino ndi Mazda RX-8, imene idapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2012. Ndi galimoto yokongola zedi, ndipo mtengo wake pa intaneti umakopa. Injini yake ilibe mapisitoni monga zinzake. M'kati mwake mumazungulira zitsulo za ngodya zitatu, potsata nzeru za katswiri wa ku Germany, Felix Wankel. Injini imeneyi imatentha oilo pang'onopang'ono mwadala, motero mwini wake ayenera kumaonjeza nthawi ndi nthawi. Imamwa petulo wochuluka ngakhale ndi yaing'ono. Ndipo tizitsulo totseka mpweya pa ngodya zija tikatha, galimoto imavuta kulira ikatentha, ndipo mankhwala ake ndi kuphwasula injini yonse. Makaniko waluso amene wakhala zaka 20 akukonza ma Corolla angathe kukhala asanaonepo m'kati mwa injini yotere, ndipo akaiphwasula amakhala akuphunzirira pa chuma cha mwini wake. Magalimoto a turbo, monga Subaru Impreza WRX, ali ndi zao: amafuna oilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake, ndipo mwa amene amagulitsidwa atakalamba ambiri adazunzidwa kale ndi anyamata a kwao komweko.

Pa nkhani ya mafuta palinso ziwiri zoti munthu aziganizire. Choyamba, magalimoto ambiri aliwiro a ku Japan adapangidwira petulo wapamwamba amene kumeneko amagulitsidwa pa pampu yakeyake. Kuno woyendetsa amathira petulo amene wampeza, ndipo dziko lino lakhala likusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira m'chaka cha 1982. Injini yopangidwira petulo wapamwamba ikamwa wamba, kompyuta yake imachepetsa mphamvu pofuna kuiteteza, kotero kuti liwiro lija munthu adalipirira msonkho waukulu salipeza lonse. Chachiwiri, mafuta amasowa. Anthu adagona m'mizere ya pa malo omwetsera mafuta m'zaka za 2011 ndi 2012, ndipo mizereyo idabweranso mu 2022, 2023 ndi 2024. Pa nthawi yotere malita 20 amene munthu wawapeza movutikira amamuyendetsa wa injini yaing'ono masiku ambiri kuposa wa injini yaikulu, ndipo wachiwiriyu amabwerera pamzere mnzake akadali pantchito.

Woweruza wachitatu ndi abale ndi anansi. M'maiko a azungu munthu angathe kugula galimoto ya mipando iwiri, monga Mazda Roadster kapena Nissan Fairlady Z, chifukwa pakhomo pali inanso yonyamula banja. Ku Mtandire galimoto imodzi imatumikira nyumba khumi. Mayi woyembekezera akayamba kumva zowawa pakati pa usiku, chitseko chimene chimagogodedwa ndi cha mwini galimoto, ndipo ulendo wa ku Bwaila sufuna wodwala yekha, umafunanso womdikirira ndi beseni ndi zofunda. Kukagwa maliro kumudzi, ku Mitundu kapena ku Nsaru, amalume ndi azakhali amayembekeza kukwera. Nthawi yokolola pali matumba a chimanga ofunika kubwera m'tauni. Mnyamata amene adzayankhe apongozi ake kuti galimoto ilibe mpando wachitatu adzakhala atanena zoona, koma mau amenewo sadzaiwalika pa mudzi. Zitseko zinayi, kapena buti yotseguka kumbuyo ndi mipando yopindika, n'zofunika kwa munthu wokhala pakati pa anthu.

Kodi tsono wokonda kuyendetsa agule chiyani? Yankho lidapezeka kale. M'chaka cha 1976 kampani ya Volkswagen idatenga galimoto yaing'ono ya banja, Golf, niikamo injini yamphamvuko pang'ono ndi miyendo yolimba, niitcha GTI. Idaonetsa dziko lonse kuti galimoto imodzi ingathe kunyamula ana ndi katundu pakati pa mlungu n'kusangalatsa mwini wake Loweruka. Makampani a ku Japan adatsata nzeru yomweyo, ndipo magalimoto ao otere ndi amene akuyenera m'dziko muno. Toyota Vitz RS ya malita 1.5 ili ndi injini yotchedwa 1NZ-FE, yomwe ilinso m'magalimoto ambiri a Corolla, Probox ndi Sienta amene adzaza miseu ya Lilongwe. Palibe makaniko wa ku Biwi amene saidziwa, ndipo imayendera tcheni m'malo mwa lamba wofuna kusinthidwa. Honda Fit RS, nayonso ya malita 1.5, ili ndi malo ambiri m'kati kuposa momwe imaonekera kunja. Suzuki Swift Sport ya malita 1.6 imatamandidwa pa kukhota, ngakhale wogula ayenera kuyamba wafunsa za zipangizo zake. Onsewa amalemera pafupifupi tani imodzi, ndipo galimoto yopepuka imasangalatsa pa liwiro lololedwa ndi lamulo, pamene yolemera ndi yamphamvu imayamba kukoma pa liwiro lopha.

Magalimoto awiri amene anyamata a m'tauni amawakonda kwambiri afunika mau apadera. Toyota Altezza ili ndi zitseko zinayi, imakankha ndi matayala a kumbuyo, ndipo ndi yokoma kuyendetsa. Koma idasiya kupangidwa m'chaka cha 2005, kutanthauza kuti ngakhale yomaliza kutuluka m'fakitale yakwanitsa zaka 20. Mphira, mapaipi ndi mawaya a msinkhu umenewo amatha ndi ukalamba, ngakhale galimoto isanayende mtunda wautali. Toyota Mark X, imene idapangidwa kuyambira 2004 mpaka 2019, ndi yaulemu ndi yamphamvu, koma injini yake yaing'ono kwambiri ndi ya malita 2.5 ya masilinda 6, ndipo thupi lake limalemera tani imodzi ndi theka. Imayenera munthu amene nyumba yake ili pa tala ndipo mtengo wa petulo sumdzidzimutsa. Za giya, yosintha ndi dzanja ndiyo imapatsa woyendetsa chimwemwe chochuluka, ndiponso ndi yosavuta kukonza. Giya yodzisintha yokha ya mtundu wa CVT imafuna oilo wakewake, ndipo ikathiridwa wina imaonongeka.

Galimoto ikapezeka m'dziko momwe muno, pa malo ogulitsira kapena kwa munthu, wogula apite ndi makaniko wake, wosadziwana ndi wogulitsayo, ndipo apite m'mamawa injini isanalizidwe, chifukwa injini yotentha imabisa matenda ake. Utsi wobiriwira ngati mtambo umasonyeza kuti injini ikutentha oilo. Utsi woyera wosaleka, pamodzi ndi thovu looneka ngati chambiko kunsi kwa chitsekero cha oilo, umasonyeza kuti madzi akulowa kosayenera. Galimotoyo ikwezedwe kuti pansi pake paoneke: dzimbiri, makamaka pa magalimoto ochokera ku zigawo zozizira za Japan kumene amathira mchere m'miseu kuti chisanu chisungunuke, zowotcherera zatsopano, oilo wodontha, matayala odyeka mbali imodzi. Nambala ya makilomita pa wotchi isakhulupiriridwe yokha, pakuti imabwezeka. Chiongolero chosalala ndi zopondera zodyeka zimanena zoona kuposa wotchiyo. Yoitanitsa kunja, wogula apemphe pepala la ku msika wa okushoni wa ku Japan, limene limalemba zilema zonse; chilembo cha R pa pepalalo chimatanthauza kuti galimotoyo idachitapo ngozi n'kukonzedwa.

Mapepala ndi ofunika monga injini yomwe. Nambala ya chasisi yodindidwa pa chitsulo ifanane ndi yolembedwa m'kaundula wa galimotoyo, dzina la wogulitsa likhale lomwe lili pa mapepala, ndipo pakhale umboni wakuti msonkho udalipiridwa. Galimoto yochokera ku South Africa ifunika chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yakuba. Umwini usinthidwe ku Road Traffic nthawi yomweyo, osadikira mawa. Wogulitsa amene akufulumizitsa, nanena kuti pali wina akubwera ndi ndalama masana ano, asiyidwe ndi galimoto yake. Magalimoto sadzatha pa dziko lapansi.

Za ndalama, langizo ndi lakale koma silidaguge: munthu asathere thumba lonse pa kugula. Galimoto yakale iliyonse, ngakhale yooneka bwino chotani, imafuna oilo watsopano, mabuleki, batire kapena matayala m'miyezi yoyamba, ndipo amene alibe kanthu kapadera amayamba kuzengereza zokonza zazing'ono mpaka zitabala zazikulu. Zengerezu adalinda kwaukwau. Pali kulipiranso malo ogonekapo galimoto usiku, chifukwa nyumba zambiri za lendi ku Mtandire zilibe mpanda. Ngongole ndiyo yofunika kuiopa koposa. M'chaka cha 2024 Banki Yaikulu ya dziko lino idaika chiongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo munthu wamba wokakongola amalipira choposa pamenepo. Ngongole yogulira puloti kapena makina osokera imabweza yokha m'kupita kwa nthawi. Yogulira galimoto yosangalalira imakula pamene galimotoyo ikutsika mtengo. Mphunzitsi amene wasunga ndalama zake ku SACCO kwa zaka zingapo nagula kagalimoto ka malita 1.5 popanda ngongole amagona tulo tabwino kuposa mnzake wa masilinda 6 amene theka la malipiro ake limathera kwa eni ngongole.

Pali chinthu china choposa ndalama. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza m'chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamseu chaka chilichonse, ndi kuti ngozizi ndizo zimapha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 kuposa china chilichonse. Aphunzitsi a sayansi amadziwa chifukwa chake. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Pa makilomita 100 imayenda mamita 28, woyendetsa asanasunthe ndi phazi lomwe. Ndipo liwiro likawirikizidwa kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse galimoto umawirikizika kanayi. Mseu wa m'makomboni si wa magalimoto okha. Muli ana opita ku sukulu atagwirana manja, amayi osenza madengu a tomato, akabaza a njinga zakapalasa ndi zamoto, ngolo, mbuzi ndi oledzera. Galimoto yamphamvu imanong'oneza mwini wake kuti aponde, ndipo mnyamata amene laisensi yake idakali yatsopano amaimvera. Kulira kwa ekizozi yoboola kumatha pa sekondi zochepa, koma mwana wa mnansi akagona pa tala, mwini galimoto adzasenza katundu ameneyo mpaka kumanda.

Akuluakulu ena anganene kuti nkhani yonseyi ndi yachabe, wachinyamata asagule galimoto konse, aumbe njerwa. Mau ao ali ndi nzeru, ndipo kwa ambiri ndiwo oyenera kutsata poyamba. Koma kuletsa kokhakokha sikudabwezepo mtima wa mnyamata amene watsimikiza. Amangopita kukagula mobisa, popanda womulangiza, ndipo kawirikawiri amagula choipa. Kuli bwino kumuonetsa kuti pakati pa njinga ndi galimoto ya mpikisano pali malo otakasuka, m'mene angapezemo galimoto yomkondweretsa pa mseu wa ku Salima Loweruka, imenenso idzamfikitse ku sukulu Lolemba mvula itagwa usiku wonse.

Aphunzitsi akumbukire kuti ana a sukulu amaphunzira zambiri pa zenera kuposa pa bolodi. Amaona galimoto imene mphunzitsi wao wabwera nayo, amaona m'mene amalowera pa geti, ndipo amaonanso ikasowa teremu yonse. Mphunzitsi amene adasankha bwino, amene galimoto yake yaing'ono imalira m'mawa uliwonse chaka ndi chaka, amene amaima kuti ana aoloke, waphunzitsa samu, sayansi ndi khalidwe popanda kugwira choko. Tsono amene mtima wake wagwa pa chithunzi cha pa foni ayambe wayenda wapansi kuchokera pa tala kukafika pakhomo pake, akuwerenga maenje ndi ngalande. Apite ku Biwi akafunse mitengo. Akhale pansi ndi pensulo awerengere zotsala ku malipiro ake. Akatha zonsezi adutse pa mtengo wa mango uja, aime pang'ono, ayang'ane galimoto ili pa njerwa ija. Mwini wake nayenso adaikonda kwambiri tsiku limene adaiona koyamba.